Makalata a omvera: kafoni ka mabatani kanatipulumutsa tsiku la Morocco

Tabwereranso omvera, kalata yoyamba yachokera ku Mulanje, dzina akuti tisatchule. Akuti:

"Achimwene pa wailesipo, sabata yatha munkanena kuti SMS ndi ya agogo, ine ndakana. Kumbukirani pa 25 January 2022, ma Flames akusewera ndi Morocco ku Yaoundé, kuno namondwe Ana atangowononga ku Kapichira magetsi zii. Kuvidiyo show kunali mdima, mabatire a wailesi anatha tikumvera nkhani za madzi osefukira, foni yanga ya WhatsApp inazima masana omwe. Chotsala chinali kafoni ka mabatani ka mayi anga komanga ndi labala, kamene timakaseka daily. Ndinamuflasha mphwanga ali ku Lilongwe pa bala ina ya jenereta, basi anayamba kutumiza. Uthenga woyamba unangoti GABA WACHINYA 1-0, tinakuwa anthu eyiti pakhonde mvula ikuwaza mpaka agalu kuyamba kuuwa. Kenako ziii. Netiweki inathawa, ndinakwera pachulu kuseri kwa khola foni m'mwamba ngati ndikudalitsa mudzi, ndiye mauthenga anayi analowa nthawi imodzi, wina 1-1 wina 2-1 wina unangoti basi tagonani. Ife nthawi yonseyi timavina kuti tikuwina."

Hahaha pepani bambo aku Mulanje, ndagonja, mawu aja ndabweza. Chigoli chimene munakuwira chija chinalowa pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anaona goloboyi Bounou watsogola pang'ono nkungoumenya ali kutaliii, ine mpaka pano ndikachiona tsitsi limaima. En-Nesyri wa Morocco anabweza kutatsala pang'ono kupumulira, kenako Hakimi ndi free kick yake ija pa mphindi ya 70, ndiye mmene inu mumatsika pachulu zonse zinali zitatha kalekale.

Koma mwaona chimene chinachitika? SMS siifuna bandulo ya intaneti, kakadontho kamodzi ka netiweki nkokwanira, ndipo foni ikakhala kuti siikupezeka uthenga sutayika msanga, umadikirira kukampani ya foni kuti mupezeke, nchifukwa chake anabwera ali pamzere ngati anthu a kuchigayo. Uthenga umodzi umalowa zilembo 160 zokha, ndiye mphwanu anachita bwino osalemba nkhambakamwa. Chomwe anaiwala nkuika mphindi, azilemba kuti 45' 1-1, kuti mudziwe ngati mukusangalalira chigoli cha lero kapena cha dzulo. Ndipo mayi aja muwagulire mayunitsi, tamvana?

Ina yachokera ku Ndirande, mayi awa ndi okwiya. "Amuna anga ndi a Maule, tsiku la derby ndi Manoma tinali pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, iwo maso pafoni pansi pa tebulo, mnzawo ali pa Kamuzu Stadium akuwatumizira. Ankhoswe ali mkati molankhula iwo anangoti eyaaa nkuimirira. Ndiwatani?"

Mayi, choyamba ndifunse, ankhoswewo ndi a timu yanji? Ngati ali a Noma nkhaniyi ikufunika nkhuku. Koma ulendo wina foniyo muisunge ndinu m'chikwama, muziwawerengera zigoli panjira yobwerera. Bambo aku Ndirande ngati mukumvera tilembereni mbali yanu, kaye timvere nyimbo iyi.