Opemphera Ali Duu: Makalata Anu a Sabata Ino

Tayambapo omvera. Kalata yoyamba yachokera ku Birmingham, kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Akuti:

"Lamulungu lapitali ndinaperekeza agogo amene ndimawasamalira ku mapemphero awo. Ndinapeza mipando yaikidwa mozungulira, guwa palibe, abusa palibe, kwaya palibe. Ndinadikira kuti wina ayambitse nyimbo, koma onse anangokhala duu ola lathunthu. Chapakati bambo wina anaimirira, n'kulankhula pang'ono za mnansi wake wodwala, n'kukhalanso pansi. Pomaliza anangogwirana chanza. Kodi imeneyi ndi tchalitchi kapena anali pa maliro?"

Pepani mayi, ndaseka. Sanali maliro ayi. Amenewo ndi a Quaker, eniake amadzitcha Abwenzi, potengera Yohane 15:15 pamene Yesu akuti sakutchanso ophunzira ake akapolo koma abwenzi. Anayamba ku England komweko cha m'ma 1650, motsogozedwa ndi George Fox. Dzina loti Quaker linali lachipongwe: mu 1650 Fox akuzengedwa mlandu ku Derby, anauza woweruza kuti anjenjemere ndi mawu a Ambuye, woweruzayo n'kuwatcha "onjenjemera".

Chete munamuonayo ndiye pemphero lawo. Amakhulupirira kuti kuunika kwa Mulungu kuli mwa munthu aliyense, choncho amadikira limodzi kuti amve, ndipo amene Mzimu wamukhudza amaimirira n'kunena. Inuyo mayi, mlendo wobwera tsiku loyamba, mukadaimirira akadakumverani chimodzimodzi ndi bambo aja. Mipando yozungulira ija tanthauzo lake ndi lomwelo: palibe wakutsogolo.

Yachiwiri yachokera ku Ntcheu, kwa bambo wina, mkulu wa mpingo. Iwo anamvako za anthuwa kwa mwana wawo amene ali kusukulu kunja, ndipo sakukhutira. "Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama. Anthu ongokhala chete angathandize ndani? Ndiponso mpingo wopanda mtsogoleri, ulemu ungakhalemo?"

Bambo, mwambiwo ndaulandira ndi manja awiri, koma nyama anaiutsa ndithu. Mu 1813 mayi Elizabeth Fry, m'Quaker, analowa m'ndende ya Newgate ku London, n'kupeza amayi ndi ana awo atapanikizana, akugona pansi. Anabwerako ndi zovala, kenako anatsegula sukulu ya ana m'ndende momwemo, n'kumaphunzitsa amayiwo kusoka. Mu 1947 mabungwe awiri a Abwenzi, la ku Britain ndi la ku America, analandira mphotho ya Nobel ya mtendere chifukwa chothandiza ovutika ndi nkhondo, posayang'ana kuti anali mbali iti.

Za ulemu ndiye pali nkhani. M'masiku a George Fox munthu wamba amayenera kuvulira chipewa wolemera kapena woweruza. Abwenzi anakana, akuti chipewa timavulira Mulungu yekha. Kukhoti amakananso kulumbira, akuti zoona n'zoona ngakhale osagwira Baibulo. Ambiri anatsekeredwa m'ndende chifukwa cha zimenezi, ndipo m'modzi wa iwo, Mary Dyer, ananyongedwa ku Boston, ku America, mu 1660 atabwereranso mumzinda umene anamuthamangitsamo. Margaret Fell, m'modzi wa Abwenzi oyambirira, analemba mu 1666 kuti amayi ali ndi ufulu wolalikira. Kunena zoona bambo, inenso ndinaleredwa kugwada popereka madzi kwa akulu, ndiye za chipewazi zimandizunguza mutu pang'ono. Koma taganizirani m'mipingo mwathu: wopereka chopereka chachikulu timamukhazika pati, ndipo mayi wamasiye wobwera ndi chitenje chimodzi timamukhazika pati?

Komabe ndisawapake mafuta ambiri. William Penn, amene anayambitsa dera la Pennsylvania ku America mu 1681, anali m'Quaker koma anali ndi akapolo. Abwenzi ochepa a ku Germantown, m'dera lomwelo, analemba kalata yotsutsa ukapolo mu 1688, anzawo n'kuikankhira pambali. Mpaka mu 1776 m'pamene msonkhano wawo waukulu wa ku Philadelphia unagamula zochotsa mumpingo aliyense wokana kumasula akapolo. Zaka 88 zimenezo, anthu akukhala chete limodzi Lamulungu lililonse pamene ena mwa iwo asiya akapolo kumunda. Pamenepo bambo, mwambi wanu uja ukuluma.

Uthenga wachidule wa pa WhatsApp, wochokera kwa mtsikana wina ku Mzuzu: "Kodi ku Africa kuno aliko?"

Aliko chemwali, ndipo dziko limene lili ndi a Quaker ambiri kuposa lina lililonse ndi Kenya. Amishoni a ku America anafika ku Kaimosi mu 1902. Koma mukapita kumeneko musayembekezere chete wa ku Birmingham uja: ali ndi abusa, amalalikira, ndipo nyimbo amaimba mpaka denga kugwedezeka.

Mayi a ku Birmingham, mukawaperekezanso agogowo mudzatilembere ngati ola lija munalikwanitsa osasinza.