Za ulendo wobwera ku Pretoria: mumvere limodzi ndi amayi

Halo achimwene, mwaswera bwanji? Uthenga uno ndi wautali, ndiye musaumvere pamsika pa Chinkhoma pali phokoso. Mukafika kunyumba madzulo mukhale pakhonde ndi amayi ndi abambo, muike foni pa sipika, mumvere limodzi. Amayi, abambo, ndakulonjerani. Kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha.

Kalata ya kusukulu yafika. Mwambo wolandira digiri uchitika kumayambiriro kwa Meyi, ndipo tsiku lenileni ndakutumizirani pa chithunzi, achimwene mulisunge. Ndiyambe ndi kunena kuti ndikufunitsitsa mubwere. Zaka zonsezi fizi yanga yakhala ikutuluka mu chigafa cha abambo, ndipo sindikufuna kuvala gauni lija pamaso pa anthu achilendo okhaokha. Zimene ndifotokozezi musazimve ngati ndikukukanizani ayi. Ndikufuna mukadzafika mudzagone pabwino, mudzadye, mudzabwerere kwathu mulibe mlandu ndi boma la kuno.

Achimwene, munandiwerengera anthu 7: amayi, abambo, inuyo, alamu, azakhali, msuweni wathu mwana wa amalume, ndi mnzanga uja wa kukwaya. Mtima wanga unasangalala, koma ndanena kale kuti ndikuuzani zoona. Mu holo ya mwambowo salowa aliyense. Wophunzira amapatsidwa makhadi owerengeka a alendo, ndipo ine andipatsa 3. Wina aliyense woposa pamenepo adzayenda ulendo wonsewu n'kudzakhala panja pa geti kudikira zithunzi. Ine ndikuona kuti abwere amayi, abambo ndi inuyo achimwene. Azakhali ndidzawaimbira ndekha kuwafotokozera, musawauze inu, zingamveke ngati mwawachotsa ndinu. Ndikadzabwera mu Disembala ndidzabwera ndi gauni, tidzaphe mbuzi pakhomo, azakhali adzalulutire mpaka mawu atathe.

Tsopano nkhani ya pogona, apa ndiye mumvetsetse bwino. Amayi munati mudzayala mphasa pansi m'chipinda changa, simufuna zowononga ndalama. Ndikudziwa mukundimvera chisoni. Koma chipinda changa chili mu hosteli ya ophunzira, muli bedi limodzi laling'ono, tebulo ndi kabati, ndikatambasula manja ndimatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Pakhomo timalowa ndi khadi, mlendo amalembetsa kwa alonda, ndipo nthawi ya usiku ikakwana amayenera kutuluka. Mlendo sagona. Ndinasainira malamulo amenewa polowa, ndipo popeza chaka chino ndikupitiriza maphunziro a honours, owonjezera pamwamba pa digiri yoyamba, chipindacho ndikuchifunabe mpaka Novembala. Mudzabwera masana kudzaona pomwe mwana wanu amagona, tidzamwa tiyi, koma kugona mudzagona kwina.

Ndapeza nyumba ya alendo ku Arcadia, yoti munthu amadziphikira yekha. Ili ndi zipinda ziwiri, kakhitchini, mapoto ndi mbaula yamagetsi. Ndasankha imeneyi dala, chifukwa ndikudziwa kuti abambo sangathe masiku 5 akudya buledi ndi tchipisi. Ya nyumbayi musaide nkhawa, ndakhala ndikusunga kuchokera pa kaganyu kanga ka ku laibulale. Visa yathu ya ophunzira imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndiye ndalamayo si yambiri, koma ya masiku 5 yakwana. Ndimafuna kulipira msanga chifukwa nyengo ya mwamboyi makolo amachuluka ndipo malo amadzaza. Mundiyankhe pofika Lamlungu.

Mapasipoti. Achimwene, tsegulani lero lomwe pasipoti ya abambo muone tsiku lothera. Kuno amafuna kuti ikhale ndi moyo kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mudzabwerere, komanso mukhale masamba opanda chidindo. Amayi alibe n'komwe, ndiye muwaperekeze ku Immigration ku Lilongwe sabata ino ndi chitupa chawo cha unzika. Musadikire kuti fodya agulitsidwe kaye. Ndikutumizirani ndalama yake pa Mukuru, mudzaitenge ku Kasungu boma.

Visa simukufunika. Mmalawi amalowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku osapitirira 30. Koma akakudindirani pa chipata, musangotseka pasipoti n'kuika m'thumba. Yang'anani tsiku lomwe alemba pa chidindocho, chifukwa tsiku limenelo ndiye lamulo, ndipo nthawi zina amalemba masiku ochepa kuposa 30. Ndikulemberani kalata yokuitanani, muli adiresi ya komwe mudzagone, nambala yanga ndi umboni woti ndine wophunzira. Muisindikize, aliyense akhale ndi yakeyake, pamodzi ndi tikiti yobwerera. Akakufunsani, yankho ndi lalifupi: tikupita ku mwambo wa mwana wathu, tibwerera tsiku lakuti.

Apa ndifike pa nkhani ya msuweni. Wandilembera yekha kuti akufuna kudzatsala, ayambe wagona kwa ine mpaka apeze ganyu. Ndamuganizira usiku wonse, chifukwa ndikudziwa mmene zinthu zilili kumudzi ndipo si waulesi. Koma sindingavomere. Chidindo cha mlendo sichilola kugwira ntchito. Akapitirira masiku ake, potuluka amamulemba kuti ndi wosafunika m'dziko: akapitirira ndi masiku osaposa 30 amamuletsa kulowa chaka chimodzi, akaposa 30 ndi zaka 5. Akagwidwa m'tauni asanatuluke, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, komwe amasunga anthu podikira kuwabweza kwawo, ndipo anyamata a kwathu ambiri adutsako. Komanso kalata yomuitana ikhala ndi dzina langa. Ine ndilibe pomusunga, ndilibe chomutetezera nacho. Amayi, munatiphunzitsa kuti mlendo ndi mame, timulandire bwino poti sachedwa kupita. Mlendo wotere ndimulandira ndi manja awiri. Koma kumuitana m'bale wanga kuti adzakhale mobisala, akuthawa galimoto iliyonse ya polisi, kumeneko si kumuthandiza. Abambo, chonde mukambe ndi amalume mwaulemu, asaone ngati ndanyoza mwana wawo. Ngati akufuna kosi ya zamanja kwathu konko, ndili wokonzeka kuthandizako pang'onopang'ono.

Za mayendedwe, njira zilipo ziwiri. Ya basi imayambira ku Lilongwe. Mabasi ena amatulukira ku Dedza, ena ku Mwanza, onse amakawolokera Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, mpaka pa Beitbridge. Ndi zipata zitatu, ndipo pa chilichonse mumatsika n'kuima pamzere. Pa Beitbridge ndiye pamachedwetsa, maola angapo, nthawi zina usiku kukuzizira. Ulendo wonse ndi pafupifupi masiku awiri. Ya ndege ndi maola osakwana atatu kuchokera ku Lilongwe kufika ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, pa msewu wathu womwewu wa M1, simufika n'komwe m'tauni. Maganizo anga ndi akuti amayi ndi abambo akwere ndege. Miyendo ya amayi imatupa akangokhala pa minibasi kuchoka ku Kasungu kufika ku Lilongwe, nanga masiku awiri? Ndikudziwa ndi yodula. Tiyeni tigawane, ine ndiika mbali, mbali ina ituluke pa mabelo oyamba. Achimwene inu mukhoza kudzera pa basi, munyamuke masiku atatu mwambo usanafike.

Mukamagula tikiti ya basi mufunse ngati imaima ku Pretoria, chifukwa msewu wa N1 wochokera ku Musina umayamba wafika kuno usanafike ku Johannesburg. Ikakhala kuti siima, mudzatsikira pa Park Station, siteshoni yaikulu ya ku Johannesburg. Pamenepo mverani bwino: musatuluke panja, musapatse munthu chikwama kuti akunyamulireni, musatulutse foni pamsewu. Khalani mkati pa mabenchi mpaka ndifike. Chaka chatha mnzanga wa kusekondale anabwera osandiuza, n'kundiimbira ali pa Park Station cha m'ma 11 koloko usiku. Sitima ya Gautrain, yoyenda pakati pa Pretoria ndi Johannesburg, inali italeka kale kuyenda, ine m'mawa mwake ndinali ndi mayeso, ndipo ndalama ya takisi ndinalibe. Anagona pa benchi atakumbatira chikwama, ine ndinachezera kulira m'chipinda. Nditamupeza masana ake anali asanadye kanthu chichokereni ku Harare. Sindikufuna zimenezi zidzachitikenso, n'chifukwa chake ndikuti tsiku ndi ola ndizidziwe pasadakhale. Nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzimodzi, mukati 2 koloko ndi 2 koloko yomweyo. Nambala yanga muilembe papepala, osati mu foni mokha, chifukwa laini ya kwathu ikhoza kusiya kugwira mukangowoloka. Amayi ndi abambo ndidzawachingamira ndekha pa bwalo la ndege.

Zonyamula. Amayi, mankhwala anu a BP mutenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera, muwasiye m'mapaketi ake, ndipo buku lanu la kuchipatala lisatsale. Zikhale m'kachikwama ka m'manja. Kuno mlendo akadwala amalipira, ndipo inshuwalansi yanga ndi ya ine ndekha. Mutenge majuzi ndi masokosi, Meyi kuno m'mawa ndi usiku kumazizira ngati Juni wa kwathu. Achimwene mu basi mutenge bulangete. Mapulagi a kuno ndi a mano ozungulira, athu aja a makona salowa, koma musavutike, ndagula kale zolumikizira ziwiri.

Ufa musanyamule. Ndikudziwa amayi mwayamba kale kuganiza zokonola ndi kuviika mphale, koma thumba la ufa mu ndege lidya malo a zovala, ndipo ufa ulipo m'sitolo iliyonse. Sufika pa ufa woyera wa kwathu, nsima yake imakhala yokhakhala pang'ono, komabe imadyeka. Nyama, nsomba zouma, zipatso ndi mbewu musiye, pa chipata amatha kulanda. Masamba ndimawapeza kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Sunnyside, bonongwe amamutchula morogo. Mtedza uliponso, ndimaupera pa makina nsinjiro n'kutuluka. Ngati mukufuna kundisangalatsa, botolo la Nali ndi paketi ya tiyi wa Chombe, zotseka bwino za m'sitolo, basi. Ndalama musinthe ku banki kapena ku ofesi yovomerezeka musananyamuke, muyambe msanga poti marandi amavuta kupeza kwathu. Osasintha kwa anyamata a pa chipata.

Ndikupempheninso kumvetsa chinthu chimodzi. Sabata imeneyo makalasi anga saima. Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa ndidzakhala kusukulu, ndiye mudzatsala nokha mpaka masana. Musadzaone ngati ndakutayani. Ndidzakusiyirani chakudya ndi makiyi, ndipo mukafuna kuyenda, Union Buildings ili pafupi ndi pomwe mudzagone. Ndi pomwe pali maofesi a pulezidenti wa dziko lino, ndipo m'munda mwake muli chiboliboli cha Nelson Mandela chotalika mamita 9, chomwe anachiimika mu Disembala 2013 atangomwalira. Kulowa m'mundamo ndi kwaulere. Abambo, ndikudziwa mudzafuna chithunzi pamenepo mutavala suti yanu ija. Kulikonse mukupita, pasipoti ikhale pathupi, chifukwa apolisi amatha kufunsa. Ikatayika, ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Arcadia komweko, koma tisafike poti tiifune. Achimwene mujambule mapasipoti onse atatu pa foni, munditumizirenso ine.

Lamlungu tidzapita limodzi ku tchalitchi komwe ndimapemphera. Kuli Amalawi angapo, ndipo amayi ena a ku Dowa amene akhala akundisamala ngati mwana wawo anena kale kuti mudzadye kwawo masana. Amayi, mudzawatengere chitenje chimodzi chabwino, ndakhala ndikudya m'nyumba mwawo zaka zitatu.

Foni ikundiuza kuti batire yatsala pang'ono. Achimwene, mukamaliza kumvera mundijambulire tsamba loyamba la pasipoti ya abambo usiku uno, ndipo mundiuze tsiku lomwe muwaperekeze amayi ku Lilongwe kuti nditumize ndalama isanafike tsikulo. Amayi, za nsapato zanu mundiuze saizi, ndaona zafulati zabwino zoti simudzavutika nazo pa masitepe a mu holo. Mugone bwino nonse, mupereke moni kwa alamu ndi ana.