Voisi ya kwa mphwanga: sitata ya boti ikamagwira lero mawa n'kukana

Halo mphwanga, wadzuka bwanji ku Cape Maclear uko? Voisi yako ndaimva, ndiye khala pansi umvetsere chifukwa yangayi italikirapo, uziimitsa n'kumachita zomwe ndikunenazo kenako n'kupitiriza. Wati boti la thangalo, lija lili ndi kainjini ka Yanmar 1GM10, masiku ena ukangodina batani injini imalira pompo, masiku ena umangomva kuti "tha" kenako zii, mpaka udine kangapo ndiye igwire, ndiye abwana ako akuti aitanitse sitata yatsopano ku Joni. Auze mwaulemu kuti adikire kaye. Vuto lotere nthawi zambiri silikhala m'sitata mwenimwenimo ayi, limakhala panjira, moto sukufika wokwanira, ndipo mutha kumanga sitata yatsopano ya ndalama zambiri mawa lake n'kumvanso "tha" yemwe uja.

Usanagwire chilichonse, giya ikhale pa nyutilo, vula wotchi ndi mphete ngati wavala, malaya asalendewere pafupi ndi lamba wa injini. Ndiye ichi mvetsetsa mphwanga, ndikupempha, tseka vavu ija yolowetsa madzi a m'nyanja mu injini nthawi yonse yomwe ukuyesayesa. Injini ikamazungulira koma osalira, pampu ija imakhala ikukokabe madzi n'kumawathira mu ekizozi, ndipo popeza palibe utsi wowakankhira kunja amangodzaza mpaka abwerere kulowa mu silinda, ndiye apo si nkhani ya sitata tsopano, ndi injini yonse. Ikangolira thamangira kutsegula vavuyo pompo, chifukwa ka impeller, kapupa ka labala kaja ka m'pampu yamadzi, kakayenda kouma kamapsa msanga. Komanso usadine batani kupitirira masekondi 10 kapena 15, uziipumitsa sitata izizireko.

Chabwino, tenga mita yako yoyezera magetsi uike pa DC 20. Yamba ndi batire, litapuma, osati lomwe langochoka potchaja kapena pa sola. Lodzaza limaonetsa mavolti 12.6, likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili cha patheka. Koma nambala imeneyi payokha siikuuza zambiri, yomwe ndikuifuna ine ndi yomwe mita ionetse mnzako akudina batani. Ikatsika kufika pansi pa 10 ndiye kuti batire latopa kapena silikutchajidwa bwino, uyang'anenso lamba wa alternator, chija chimatchaja batire, ngati wakhwepa, ndipo injini ikamalira batire lizionetsa cha m'ma 14. Ndipo mita uigunditse pamitu yeniyeni ya batire, pamtovu paja, osati pazomangira.

Batire likakhala bwino, masula mitu yonse iwiri, kuyamba ndi negetivi. Ngakhale ikuoneka yoyera kunjaku masula basi, dzimbiri limabisala mkati. Pala ndi sandipepa mpaka kuwale, zoyerayera zija utsuke ndi madzi a soda, manga zolimba kuti ukaigwedeza ndi dzanja isasunthe, kenako paka Vaseline pamwamba. Tsatira waya wonenepa wa negetivi mpaka pomwe wamangidwa pa injini, pamenepo anthu amapaiwala kwambiri chifukwa pamakhala pansi pobisika, pa oilo ndi penti ndi chinyontho, pamasule naponso upale. Anthu amati nyanja yathu si yamchere ndiye mawaya saola, koma m'boti mumakhala chinyontho chaka chonse, ukasenda waya upeza mkati mwabiriwira kapena mwada bii. Waya ukaupinda n'kumva wauma gwa kapena ukuthetheka pafupi ndi mutu, ameneyo watha.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyeza kwake kumafunika uchite nthawi yomwe vutolo likuchitika, batani litadinidwa, chifukwa waya wakutha ngakhale utatsala ndi kaulusi kamodzi mita imakuonetsabe 12 bwinobwino. Zili ngati paipi yamadzi yomwe munthu waiponda, madzi alimo ndithu koma ukatsegula mpopi amangodontha. Ndiye chingwe chimodzi cha mita pa pozitivi ya batire, china pa bawuti yaikulu ya pa solenoid, kaswitchi ka maginito kaja kali pa sitata, pomwe pafikira waya wonenepa, mnzako adine. Mita ikuyenera kuonetsa kanambala kakang'ono, pansi pa 0.5. Ikapitirira apo ndiye kuti moto ukutayika panjira, mwina pamutu wa waya, mwina m'switchi yaikulu ija ya batire, igwire ndi dzanja, polakwika pamafunda. Uchitenso chimodzimodzi kumbali ya negetivi, kuchokera pa batire kufika pathupi la sitata.

Ukatero upite pa kawaya kakang'ono ka pa solenoid, pa injini za GM zimenezi kamakhala koyera. Kameneka ndi komwe ine ndikukakayikira kwambiri, ndipo ndi matenda odziwika pa injini zimenezi zikakalamba. Taganiza ulendo womwe moto umayenda, uchoke pa injini, udutse pa fyuzi, udutse m'mapulagi, ukafike kumbuyo pa kiyi, ulowe m'batani lomwe limanyowa ndi mvula, ubwererenso m'mapulagi omwewo ndiye ufike pa solenoid, pa kawaya kowonda, ndipo pena paliponse polumikiza ukusiyako pang'ono. Solenoid poyamba kukoka imafuna moto wambiri ndithu, ukachepa imangosuntha pang'ono n'kulira "tha" osafika pogunditsa. N'chifukwa chake batire likangochoka potchaja imagwira, m'mawa likagona usiku wonse likuyatsa magetsi imakana. Yeza pamenepo, chingwe chofiira pa kawayako osakachotsa, chakuda pa injini, mnzako adine. Ikuyenera kuyandikira nambala ya batire. Ukaona 8 kapena 9, wamugwira wakubayo.

Kuti utsimikize, tenga kawaya kabwino, mbali ina pa bawuti yaikulu ija, mbali ina ungogunditsa pomwe pamalowa kawaya koyera. Pathetheka pang'ono, usadzidzimuke, koma onetsetsa kuti giya ili pa nyutilo, manja ali kutali ndi lamba, palibe dizilo wotayika, ndipo usagunditse pathupi la injini chifukwa uchita shoti yoopsa. Sitata ikazungulira mwamphamvu nthawi iliyonse yomwe wagunditsa, ilibe mlandu.

Mankhwala ake, tsegula mapulagi onse utsuke, yang'ana fyuzi ya 30 amp yomwe imakhala pamawaya a pa injini, nthawi zina siinapse koma pokhala pake pachita dzimbiri. Koma chomwe chimathetsa nkhaniyi ndi kuika relay, switchi yoyatsidwa ndi moto wochepa, yomwe ija yamagalimoto ya mapini anayi, 12V ya 30 kapena 40 amp, m'mashopu a sipeya ku Mangochi imapezeka. Pansi pake palembedwa manambala, lemba izi. Pini 30 itenge moto pa bawuti yaikulu ya solenoid, uikepo fyuzi pakati. Pini 87 ipite pomwe pamalowa kawaya koyera. Kawaya koyera kaja tsopano kalowe pa 86, ndipo 85 ipite pathupi la injini. Ukatero batani lija ntchito yake ikhala yongodzutsa relay basi, zomwe sizifuna moto wambiri, ndipo moto weniweni uziyenda kamtunda kakafupi pa waya wonenepa. Pomanga uyambe wachotsa negetivi pa batire, relay uimange pouma mapini ataloza pansi kuti madzi asamakhalemo, ndipo mitu ya mawaya uifinye ndi pulaya yake, zongopota ndi manja n'kukulunga tepi m'boti sizikhalitsa. Ukapeza waya uja wa maboti wooneka ngati siliva mkati, tenga ameneyo.

Nanga zonsezi zikakhala bwino koma ikukanabe? Apo ndiye tiyang'ane sitatayo. Solenoid ili ndi mabawuti aakulu awiri, yeza pa yachiwiri yomwe imalowa mu mota batani litadinidwa. Pakakhala palibe moto pomwe yoyamba ili nawo, zogunditsa za mkati mwa solenoid zapsa. Moto ukakhalapo koma mota siikuzungulira, ndi mabulashi atha, ndipo ukaigogoda pang'ono ndi mpini wa hamala mnzako akudina nthawi zina imadzuka. Pang'ono ndati, ndi mtengo, masitata ena ali ndi maginito mkati amasweka. Ukamva ikuzungulira yokha kuti "wiii" injini osasuntha, ndi kagiya kakutsogolo komwe sikakulowa m'mano a flywheel, gudumu lalikulu lija la injini, kamafuna kutsuka kapena kusintha. Zonsezi amakaniko a zamagetsi a galimoto amakonza, simuyenera kudikira katundu wa ku Joni.

Pali kulira kumodzi komwe ukakumva usiye batani msanga. Ikati "gu" mwamphamvu, magetsi n'kuzilala, injini osasuntha ngakhale pang'ono, usabwereze. Kweza kachitsulo kaja ka pamwamba pa injini kochotsera kompuresheni, uzungulize ndi handulo. Ikakana, kapena ukaona oilo wasanduka ngati wothira mkaka, mwalowa madzi, undiimbire usanachite china chilichonse.

Handulo imeneyo uipeze lero, isakhale pansi pa katundu. Uphunzire kuliza nayo boti lili pa nangula, kweza kachitsulo, zunguliza mpaka ithamange, gwetsa kachitsulo uku ukuzungulizabe, chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zinzake kuti ikabwerera isakuthyole. Tikulowa mu June, mwera wayamba kale, ndipo ukakupeza pafupi ndi miyala ya ku Thumbi uli ndi alendo, sitata ikukana, sipakhala nthawi yofufuza mita. Mpaka vutoli lithe, injini uziiliza usanatsitse matanga ndipo nangula akhale wokonzeka.

Unditumizire manambala anayi, ya batire podina, ya waya wa pozitivi, ya negetivi, ndi ya kawaya koyera, ujambulenso kumbuyo kwa sitata ndione m'mene anamangira. Upereke moni kwa alamu ndi ana.