Makalata a Omvera: Wapolisi Akamangidwa, Mbiri Yake Imapezeka Kuti?

Takulandirani omvera nonse. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo a ku Chinamwali, ndipo akuti:

"Achimwene apawailesi, anthufe timasokoneza zinthu ziwiri. Pali mlandu wa kukhoti, pomwe wapolisi amayankha ngati munthu wina aliyense pa zakuba, ziphuphu kapena kuvulaza munthu. Palinso mlandu wamwambo wa kuntchito, omwe amauzengera mkati mwa polisi ndi ku Police Service Commission, bungwe loona za ntchito ndi mwambo wa apolisi. Woyambawu ndi wapoyera, wachiwiriwu umatha mwakachetechete. Kodi munthu wamba angaone bwanji chigamulo cha mlandu woyambawu?"

Mwalasa bambo. Njira yake ndi ya kukhoti, osati kupolisi. Pitani ku ofesi ya kaundula ya khoti lomwe linazenga mlanduwo, kaya ndi kwa majisitireti kapena ku High Court konkuno ku Zomba. Mutenge dzina lonse la woimbidwa mlandu, chaka chomwe mlandu unalowa m'khoti, ndi nambala ya mlandu ngati mukuidziwa. Nambalayi ndiyo kiyi, chifukwa mafayilo amaikidwa potsata nambala ndi chaka. Mukangoti "wapolisi uja wa pa rodibuloko", kalaliki adzangokuyang'anani, ndipo simungamunene. Buku la kaundula silisiyanitsa kuti uyu ndi wapolisi, uyu ndi wogulitsa usipa pa Mpondabwino. Lembani kalata yopempha kope la chigamulo, sungani kope lanu lodindidwa tsiku, ndipo mukalipira chilichonse mulandire risiti ya boma.

Zigamulo zambiri za High Court ndi Supreme Court zili pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, zaulere. Koma za kwa majisitireti, komwe milandu yambiri imathera, sizifikako kawirikawiri, ndipo zina zimakhala zolembedwa pamanja kudikira wotayipa. Apa ndiye pomwe pamandipweteka ine, chifukwa chigamulo chowerengedwa pagulu chimasanduka ngati chinsinsi kamba kosowa wochitayipa.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Matawale:

"Ndikufuna kuchenjeza anzanga. Musathamangire kulikulu la polisi ku Area 30 kukapempha police clearance (chikalata chosonyeza ngati munthu anapezekapo wolakwa) ya munthu wina. Chikalatachi amachipereka kwa mwini wake, atamudinda zala. Chinanso, chigamulo cha majisitireti si mapeto. Munthu amatha kuchita apilo, ndipo High Court imaunikanso zilango zina n'kuzichepetsa kapena kuzifafaniza. Ukaika pa Facebook kuti wakutiwakuti ndi wakuba pomwe khoti lalikulu linamumasula, mlandu woipitsa mbiri uli pa iwe."

Zikomo mayi, palibe chochotsapo. Ndingowonjezera kuti mukalandira kope, funsani kalaliki ngati fayilo inapita ku High Court, ndipo muwerenge tsamba lomaliza. Kumangidwa, kuimbidwa mlandu ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu zitatu zosiyana. Komanso pa milandu yogwirira ana, dzina la mwanayo ndi lotetezedwa, musaliulule ngakhale mutaliona.

Yachitatu ndi yaifupi, yochokera ku Thondwe: "Nanga tikafuna kudziwa ngati wapolisi wopezeka wolakwa anachotsedwa ntchito, kapena angomusamutsira kwina?"

Funso ili ndi lomwe limavuta, achimwene, chifukwa yankho lili m'mafayilo a polisi. Chida chanu ndi gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino, pamodzi ndi lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lembani pempho kwa ofisala woona zopereka uthenga ku polisi. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Akakana kapena kungokhala chete, pemphani akuluakulu awo aunikenso, ndipo zikakanika pitani ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, lomwe limayang'anira lamuloli.

Mapempho ambiri amagwa chifukwa cha kalembedwe. Mukapempha fayilo yonse ya munthu, adzakuuzani kuti ndi zachinsinsi za munthu payekha. Mukafunsa za nkhani yomwe ikufufuzidwabe, adzati musokoneza kafukufuku. Ndiye funsani mwachindunji. Tchulani nambala ya mlandu, phatikizani kope la chigamulo, kenako funsani chinthu chimodzi: kodi munthuyu akadali pa ntchito? Maganizo anga ndi akuti munthu wovala yunifomu ya boma, wonyamula unyolo ndi mfuti m'dzina lathu, sangabise yankho limenelo pansi pa mawu akuti chinsinsi.

Ngati nkhani yanu sinafike n'komwe kukhoti, dandaulo lipite ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la polisi la 2010. Mulembe tsiku, malo, nthawi, nambala ya galimoto, ndi dzina kapena nambala ya wapolisiyo ngati munaiona. Ngati munavulazidwa, phatikizani chikalata cha kuchipatala.