Mphwanga, uyambire pa ziro

Halo... ee, ikujambula. Mphwanga, ndi malume ako, ndili ku shopu kuno ku Mayfair ku Joni, pepa phokosolo ndi la mataxi. Mayi ako akuti homuweki ya sayansi yakuvuta, ya kayendedwe ka zinthu ndi kuyeza ija. Tamvera.

Za kayendedwezo usadandaule, makina anga osokerawa ali nazo. Gudumu lija limazungulira. Singano imakwera, kutsika, kukwera, kutsika, ndiko kuyenda kobwerezabwereza. Nsalu imangopita kutsogolo mowongoka. Zitatu zimenezo, lemba.

Tsopano kuyeza. Tenga ulusi umangirire kiyi... ayi, dikira, yamba watenga tepi. Tepi ya ife atelala ili ndi mbali ziwiri, wamva? Kwina ndi mainchesi, kumathera pa 60. Kwinako masentimita, kumathera pa 150. Iwe ukufuna kwa 150 kuja. Inchesi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye ukasokoneza mbali, zonse zalakwika.

Ndipo uyambire pa ziro. Pa ziro, osati pa 1, osatinso m'mphepete mwa rula. Ine nditangofika ku Joni kuno ndinali ndi rula yothyoka kumutu, inkayambira pa 2. Ndinkafuna masentimita 20, ndinadula pa 20, osadziwa kuti ndi 18. Matumba onse a mayunifolomu anafupika, nsalu ya eni ake ndinalipira ndekha, mwezi umenewo ndiwo zinali soya yekhayekha. Ndiye rula ikakhala yothyoka, tenga nambala yomwe wathera, uchotsepo yomwe wayambira. Ndibwereze? Yothera, kuchotsa yoyambira. Diso likhale pamwamba penipeni pa nambalayo, osayang'ana cham'mbali.

Mnyamata wa aneba athu ndinamuuza zomwezi, iye eti anayeza ndi chikhatho. Bambo ake atayeza ndi chawo, mayankho anasiyana, anabwera kuno misozi ili m'maso.

Ee, kiyi uja, umulendeweretse pa ulusi kuti uyeze nthawi ya kupita n'kubwera kwake. Ulusi ukhale mita imodzi, masentimita 100, kuchokera pomwe wamangirira kumwamba mpaka pakati pa kiyi. Pakati, osati pamfundo. Kokera pambali pang'ono n'kusiya, usakankhe. Kupita n'kubwera ndi kamodzi. Uwerenge ka 10, mayi ako akugwirire wotchi ya pafoni. Zikhala pafupifupi masekondi 20, ugawe ndi 10 kuti upeze nthawi ya kamodzi. Ukapeza masekondi 10 basi m'malo mwa 20 ndiye kuti ukuwerenga kupita kokha ngati... ii, kwabwera kasitomala. Unditumizire zomwe wapeza usanagone.