Wodwala maganizo akayamba kupeza bwino, mankhwala asalekedwe

Zikomo kwambiri a mfumu pondilola kuyankhula pabwalo lanu, zikomonso nduna, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala pano. Ine ndine namwino wa matenda a m'maganizo, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi ya mankhwala amene timapereka kwa munthu amene kumudzi kuno timangoti wazungulira mutu. Amodzi mwa matenda amenewa kuchipatala timawatchula kuti schizophrenia. Wodwala amamva mawu a anthu amene palibe, amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ena akumutsatira kapena amuthirira chiphe m'ndiwo, zoyankhula zake sizilumikizana, ndipo amasiya kusamba ndi kucheza ndi anzake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2022 kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300 alionse ali ndi matendawa, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akungotha kumene unyamata kapena ali ndi zaka za m'ma 20, nthawi imene banja linali litayamba kumudalira.

Mu ubongo wathu muli timadzi tonyamula mauthenga, ndipo tina mwa timadzi timeneti dzina lake ndi dopamine. Mauthenga a dopamine akachuluka m'mbali zina za ubongo, zinthu zopanda kanthu zimayamba kuoneka ngati zili ndi tanthauzo lalikulu, moti munthu akangotsokomola panja, wodwala amamva ngati ndi chizindikiro choti abwera kudzamugwira. Mankhwala athu amachepetsa mphamvu ya mauthengawo. Oyamba anali chlorpromazine, amene madokotala a ku Paris anayamba kupatsa odwala maganizo m'chaka cha 1952, ndipo ndi omwe aja m'buku la kuchipatala amangolemba kuti CPZ. Haloperidol anapangidwa ku Belgium m'chaka cha 1958. Pambuyo pake kunabwera ena monga risperidone ndi olanzapine. Asanabwere mankhwalawa, odwala ambiri ankathera moyo wawo atatsekeredwa, koma lero munthu akhoza kugonekedwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God kwa masabata owerengeka n'kubwerera kwawo kukalima munda wake.

Wodwala akayamba kumwa mankhwala, tulo ndi kudekha zimabwera m'masiku oyambirira, koma mawu aja ndi kukayikira anthu zimatenga masabata, nthawi zina anayi kapena asanu ndi limodzi, kuti zizilale. Choncho musanene kuti mankhwala sakugwira pamene wodwala wamwa masiku asanu okha. Komabe vuto limene limandidetsa nkhawa kwambiri silibwera pachiyambi. Limabwera wodwala akayamba kupeza bwino.

Ndikuuzeni za mnyamata wina amene ndinkamuona, dzina ndi mudzi wake sinditchula. Atamwa mankhwala miyezi inayi anayambiranso geni yake yogulitsa tomato, ndipo aliyense ankati wachira. Mayi ake ankabwera mwezi uliwonse kudzatenga mankhwala mosaphonya, ife n'kumalemba m'buku kuti zonse zili bwino. Itafika nyengo yokolola mnyamatayo anayamba kusagona, kenako anakana nsima ya mayi ake omwe, mpaka tsiku lina anthu anabwera naye kuchipatala atamumanga ndi chingwe cha njinga. Mayiwo pofunafuna zovala zake anapeza timapepala tapulasitiki titatu ta mapiritsi titatsomekedwa kudenga, tosatsegula n'komwe. Mnyamatayo atadekha ndinamufunsa chifukwa chake, ndipo yankho lake linali lomveka: mankhwalawo ankamugonetsa mpaka dzuwa litakwera, anzake n'kukhala atamulanda malo pamsika, komanso manja ankanjenjemera popereka chenji, makasitomala n'kumamuseka. Ine sindinamudzudzule, chifukwa cholakwa china chinali chathu. Tinkafunsa mayi ngati mwana akumwa mankhwala, koma mwini wakeyo sitinamufunsepo mmene mankhwalawo ankamuchitira.

Mankhwalawa amaletsa matenda kuti asadzuke, monga mmene amachitira a BP kapena a shuga, ndipo akalekedwa matendawo sabwerera tsiku lomwelo ayi. Pamatha masabata kapena miyezi munthu ali bwinobwino, n'chifukwa chake banja limanamizika kuti anachiriratu. Amene wadwala koyamba timamulangiza kupitiriza kwa chaka chathunthu kapena kupitirira kuchokera pamene zizindikiro zatha, ndipo amene matenda amuyambiranso kangapo amafunika kumwa kwa zaka zambiri. Nthawi yochepetsa ikakwana, dokotala ndiye amachepetsa pang'onopang'ono akuona mmene wodwala akukhalira.

Zovuta zobwera ndi mankhwala ndi zenizeni, ndipo sindikubisirani. Chlorpromazine amagonetsa, amaumitsa kukamwa, amabweretsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, komanso khungu limapsa msanga ndi dzuwa, choncho wopita kumunda avale chipewa ndi malaya a manja aatali. Haloperidol ndiye amakonda kuumitsa thupi: munthu amayenda ngati wamangidwa, manja amanjenjemera, dovu limatuluka, ena amalephera kukhazikika n'kumangoyendayenda. Nthawi zina khosi limapindikira mbali imodzi, lilime n'kutuluka, maso n'kutembenukira m'mwamba, ndipo achibale akaona zimenezi amathamangira kunena kuti ziwanda zamugwira. Si ziwanda, ndi mankhwala, ndipo kuchipatala tili ndi benzhexol, amene ambiri mumawadziwa kuti Artane, omwe amamasula thupilo. Olanzapine ndi risperidone saumitsa thupi kwambiri, koma amachulutsa chilakolako cha chakudya ndi kunenepetsa, makamaka olanzapine, motero wodwala ayenera kumayezetsa sikelo, BP ndi shuga. Pali zinanso zimene anthu amachita nazo manyazi, monga bambo kufooka m'nyumba kapena mayi kusiya msambo, ndipo zimenezi zalekesa anthu ambiri mankhwala mwakachetechete. Mukatiuza, tikhoza kuchepetsa mlingo, kusunthira mankhwala onse usiku, kapena kusintha mtundu wake. Kwa amene amaiwala mapiritsi palinso jakisoni monga fluphenazine, amene amabayidwa kamodzi pa masabata angapo, kawirikawiri pamwezi.

Tsopano ndinene za matenda a kukhumudwa, amene ena amati dipuleshoni, chifukwa nthawi zambiri amayendera limodzi ndi schizophrenia. Mutu ukayera, munthu amayamba kuona zimene wataya: sukulu inaima, mkazi anapita kwawo, ana a m'mudzi akumuitanabe kuti wamisala. Apa banja limasangalala kuti phokoso latha m'nyumba, osadziwa kuti wodwala amene wangoti phee pakhonde ndiye ali pangozi yaikulu yodzipha. Kusiyanitsa ulesi wobwera ndi mankhwala ndi kukhumudwa kwenikweni n'kovuta ngakhale kwa ife, koma mverani zimene akuyankhula. Wolemedwa ndi mankhwala amadandaula za thupi, pomwe wokhumudwa amati ndine wopanda pake, ndikungokuvutitsani, bola kufa. Mukamva mawu otere mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumupatsa maganizowo, ndipo mubwere naye kuchipatala tsiku lomwelo osamusiya yekha.

Dokotala akhoza kuwonjezera mankhwala a kukhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline. Amenewa salowa m'malo mwa oyamba aja, amamwedwa pamodzi, ndipo nawonso amatenga masabata awiri mpaka anayi kapena kuposerapo kuti mtima uyambe kupepuka. Amitriptyline ndi oopsa akamwedwa ambiri nthawi imodzi, choncho wosamalira wodwala azisunga yekha n'kumapereka a tsiku limenelo basi. Mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi osungira chimanga nawonso atsekeredwe kutali.

Abusa ndi mashehe muli pano, ine sindiletsa mapemphero, ndipo ndaona odwala ambiri akulimba mtima chifukwa cha mpingo wawo. Chimene ndikupempha n'chakuti pasapezeke wouza wodwala kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa chikhulupiriro. Za chamba ndiye sindinyengerera, chifukwa chimadzutsa matendawa ngakhale munthu akumwa mankhwala, ndipo kachasu akakumana ndi mapiritsiwa amagonetsa mopitirira muyeso. Mayi amene watenga pakati asaleke mankhwala payekha poopa mwana, koma abwere msanga tikambirane, chifukwa matenda akayambiranso ali ndi pakati kapena atangochira kumene, mayi ndi khanda onse amakhala pachiswe.

Pali chizindikiro chimodzi chosowa koma choopsa chimene ndikufuna aliyense achisunge. Wodwala akatentha thupi kwambiri, thupi lonse n'kuuma gwa, akutuluka thukuta komanso asakuzindikira bwino, musamupatsenso piritsi lina ndipo musangoganiza kuti ndi malungo n'kudikira kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, mutenge buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mapiritsi onse amene ali m'nyumba, kuti amene akamulandire akaone okha chimene wakhala akumwa. A mfumu, ndikuona amayi awo kumbuyoko akweza dzanja kwa nthawi ndithu, mundilole ndiyambe ndi funso lawo.