Fani ya m'galimoto ikungowomba pa nambala 4 basi? Tisinthe resistor

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ndi Toyota Corolla iyi, ndipo eni ake abwera akudandaula kuti AC yafa. Tayang'anani kuno. Ndaika pa 1, zii. Pa 2, zii. Pa 3, ngakhale kamphepo. Ndafika pa 4, mwamva? Yayamba kuwomba ngati mkuntho. Ndiye AC sinafe ayi, ndipo wina akakuuzani kuti muthire gasi, ndalama zanuzo musungeni. Wolakwa ndi kachitsulo kakang'ono kotchedwa resistor.

Ntchito yake ndi iyi. Mota ya fani imalandira magetsi a 12 volts. Kuti izizungulira pang'onopang'ono, magetsiwo amayamba adutsa mu resistor kuti mphamvu ichepe: pa 1 imachepa kwambiri, pa 2 pang'ono, pa 3 pang'ono chabe. Koma pa 4 magetsi amailambalala resistor ija. N'chifukwa chake ikapsa, nambala 4 yokha ndiyo imatsala. Mphamvu yochepetsedwayo imasanduka kutentha, ndiye opanga galimoto anaibisa m'njira ya mphepo kuti iziizizira. Mfundo imeneyi muigwire, tibwererakonso.

(Kamera kumunsi kwa dashibodi)

Zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa negative pa batire ndi sipanala ya 10. Galimoto zathu zochokera ku Japan chiwongolero chili kumanja, choncho fani ili kumanzere, kumapazi kwa wokwera. Tsegulani glove box, kabokosi kosungiramo zinthu kali kutsogolo kwa wokwera, finyani m'mbali mwake, igwera pansi yokha. Chozungulira chakudachi ndiyo mota. Pambali pake pali pulagi ya mawaya angapo yolowa mu kapulasitiki komangidwa ndi timabawuti tiwiri. Ndiyomweyo. Malowa ndi othina, mugona chagada mutu uli pansi pa dashibodi, msana udandaula ndithu. Tochi ikhale pafupi.

Dinani kaloko ka pulagi n'kukoka. Musakoke mawaya! Masulani timabawuti, solorani pang'onopang'ono. Ngati fani imagwira ntchito posachedwapa, samalani zala, chimatentha.

Tisanataye chakalechi, yang'anani pulagi. Ikakhala yakuda, yosungunuka, ikununkha pulasitiki wopserera, nayonso iyenera kusinthidwa, apo ayi resistor yatsopano sikhalitsa. Amene muli ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, ikani pa ohms n'kuyeza pakati pa timapini ta resistor. Yabwino imaonetsa ma ohms ochepa chabe. Iyi sikuonetsa kanthu, kutanthauza kuti kafyuzi kamkati kamene kamaduka kutentha kukanyanya kanaduka. Ena amalumikiza ndi kawaya n'kubwezeretsa. Ine ayi. Kafyuziko ndi kamene kamateteza dashibodi yanu ku moto.

Tsopano funso limene ambiri amalidumpha: chinaipsetsa n'chiyani? Resistor kawirikawiri siifa yokha. Tasololani fyuluta ya mphepo ili kuseri kwa glove box. Taonani iyi: fumbi la m'misewu yathu ya dothi lachita kuumbika, masamba ouma, ngakhale makoko a mtedza, kusonyeza kuti khoswe anapezamo nyumba. Mphepo ikalephera kudutsa, resistor imasowa choiziziritsa. Kenako lowetsani dzanja, zungulitsani fani ndi chala. Izizungulira mofewa. Ikamalimba kapena kulira kwii, motayo ikukoka magetsi ochuluka ndipo idzapsetsanso yatsopanoyo. Ine ndinagulapo resistor kawiri mwezi umodzi pa galimoto yanga ndisanazindikire zimenezi, manyazi ake osanena.

Pokagula, nyamulani yakaleyo m'thumba mukafananize pulagi ndi mabowo a timabawuti, chifukwa Vitz, Passo ndi Corolla sizigwiritsa ntchito yofanana nthawi zonse. Ngati galimoto yanu ili ndi batani la AUTO ndi manambala a kutentha, mkatimo muli module yamagetsi, osati resistor wamba, ndipo zizindikiro zake zimasiyana. Imeneyo tidzaipangira vidiyo yakeyake.

Lowetsani yatsopano m'bowo lake, mangani timabawuti osalimbitsa mopyola chifukwa ndi pulasitiki, bwezerani pulagi mpaka imveke kuti tha. Musaiyese ili panja ikulendewera, imatentha msanga popanda mphepo. Fyuluta yatsopano, waya wa batire, kiyi.

(Dzanja pa kabatani)

Pa 1, kamphepo kayaziyazi. Pa 2. Pa 3. Pa 4. Zonse zabwerera. Achimwene, bwerani mudzatenge galimoto yanu.